Mwana wanga akakhala chambo pa sewero la kusukulu, chovalacho ndipange bwanji?

Make Tadala, Area 25

Moni nonse. Ndithandizeni nzeru, mutu waima. Mwana wanga wamkazi ali Sitandade 2, zaka 7. Lachinayi wabwera ndi kapepala kochokera kwa aphunzitsi ake kakuti pa tsiku lotsekera teremu kudzakhala sewero la za nyanja, ndipo iye wasankhidwa kukhala chambo. Chovala tipange tokha makolo. Anzake ena ndi asodzi, wina ndi nkhwazi, wina ng'ona, gulu lina ndi usipa. A usipawo ndiye a mwayi, angowauza kuti adzavale zoyera. Asodzi nawonso ndi kabudula ndi chipewa basi. Ine ndiye ndagwa nayo, chifukwa chamboyo ndiye mwini sewero, adzakhala pakati kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Musanene kuti sindinayese, ndayesa. Loweruka ndinapempha katoni yaikulu pa golosale, ndinadula nsomba ziwiri zofanana, ina ya kutsogolo ina ya kumbuyo, n'kuzilumikiza ndi zingwe za pamapewa. Pansi zimaoneka bwino ndithu. Atavala mwana, mavuto anayamba. Kukhala pampando kunakanika chifukwa mchira umagunda pansi n'kukankha katoni yonse m'mwamba mpaka kum'tsamwitsa pakhosi. M'mphepete mwa katoni munamukala m'khwapa, pano pali kachilonda. Atatembenuka mwadzidzidzi mchira unamenya mlongo wake wamng'ono pamphuno, nyumba yonse kulira. Bambo ake atalowa anangoyang'ana n'kufunsa kuti, "Kodi imeneyi ndi ndege?" Mwana anavula pomwepo, akuti sakapitanso kusukulu.

Ndinapita kwa atelala ena pafupi ndi kwathu kuno. Mtengo umene ananditchulira ndikanagula nawo thumba la makala n'kutsala ya ndiwo, komanso akuti ali ndi madiresi a ukwati, sangalonjeze tsiku. Ndiye ndabwerera kwa ine mwini.

Zomwe ndili nazo ndi izi: makatoni otsala, thumba loyera la saka lomwe munali ufa, chitenje chakale cha buluu chomwe ndinkaberekera mlongo wakeyo, sizasi, singano ya pamanja ndi ulusi. Makina ndilibe, koma kusoka pamanja ndimatha, mayi anga anandiphunzitsa. Nthawi yatsala masabata awiri, ndipo ndimaweruka kuntchito dzuwa litalowa, magetsi nawonso mukuwadziwa.

Ndiye mafunso anga: ndipitirize ndi katoni kapena ndiyambirenso ndi nsalu? Mamba ndipange ndi chiyani kuti aoneke ngati a nsomba, osati ngati nthenga za nkhuku? Nanga mutu, ndimupangire chigoba chovala kumaso kapena nkhope ikhale poyera? Ali ndi mawu oti akalankhule, ndipo holo ya pasukulupo ndi ya malata yopanda siling'i. Mwezi wa Disembala mmenemo munthu wamkulu amachita kudzikupiza ndi kope.

Atelala a ku Ndirande

Mayi, katoniyo isiyeni, ingotsalani ndi tizidutswa tolimbitsira zipsepse. Thupi la mwana limapindika, katoni sipindika, nkhondo yake ndi imeneyo.

Pitani pa kaunjika mukagule tisheti ya munthu wamkulu, yotuwa, yopanda zolembalemba. Ikhale yoti mwana akavala ifike m'mawondo. Thupi la nsomba ndi limenelo, mwamaliza theka la ntchito osasoka kanthu. Manja a tisheti musadule, pamenepo ndi pomwe mudzasokerere zipsepse za m'mbali.

Pa mamba ndi pomwe anthu ambiri amatopera, chifukwa amadula limodzilimodzi n'kumasoka limodzilimodzi. Mungathe mwezi. Inu dulani thumba la sakalo m'mizere yaitali, m'lifupi mwake ngati chikhatho chanu. Tengani kapu ya tiyi, ivundikireni m'mphepete mwa mzerewo, jambulani theka la mkombero wake, sunthani kapu, jambulaninso, mpaka kumapeto. Mukadula motsatira zojambulazo mupeza mzere umodzi uli ndi mamba asanu ndi atatu kapena khumi olumikizana kale kumtunda. Mumangosoka mzere wowongoka umodzi basi.

Posoka yambirani m'munsi mwa tisheti kukwera m'mwamba, monga mmene timafolerera nyumba ya udzu, kuti mzere wapamwamba uziphimba msoko wa mzere wapansi. Mukayambira kukhosi mudzapeza mamba akuyang'ana kumutu, ndiye nkhuku yonyowa yomwe mukuiopayo. Komanso mzere uliwonse muzisuntha pang'ono, pakati pa mamba a pamwamba pagwere pomwe akumanirana mamba awiri a pansi, monga amayalira njerwa. Musakoke ulusi kwambiri, tisheti imatanuka koma saka satanuka, mukamangitsa mwana adzalephera kuivala. Ine ndimalowetsa pilo m'kati mwa tisheti ndikamasoka zotere kuti ikhale yofutukuka.

Saka amayoyoka m'mphepete mukangomudula. Yatsani kandulo, dutsitsani m'mphepetemo mofulumira pafupi ndi lawi, ulusi wake umasungunuka n'kugwirana. Chitani panja, mwana ali kutali, ndipo musakhudze pomwe pangosungunuka kumene, pamamatira pachala. Mukatha papasani ndi dzanja, pomwe pauma mosongoka mudule. Mwachita bwino kuti thumba lanu ndi la ufa. La feteleza ayi, ngakhale mutalichapa kangati, pa khungu la mwana wotuluka thukuta limayabwa.

Mchira usapitirire kumbuyo kwa mawondo, ndipo usokereni kumbuyo kokha. Mapini musaike paliponse.

Mwana wa msodzi, Nkhotakota

Zosoka ndazisiya kwa atelala, ine singano sindiidziwa. Koma ndaona mwatchula chitenje cha buluu, ndiye ndati ndilowererepo msanga. Mukamuveka buluu mwanayo sakhala chambo, akhala mbuna. Mbuna ndi tinsomba tija ta m'miyala, ta buluu, tachikasu, ta mizeremizere, tomwe azungu amabwerera ku Cape Maclear kudzaona ndi magalasi a m'madzi. Ndi tokongola, ndipo ndi chifukwa cha nsomba za mtundu umenewu kuti malo aja anawasandutsa paki mu 1980, kenako UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, n'kuwaika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984. Koma si chambo. Akakhala kuti pa makolo odzaonerera pali wa kunyanja mmodzi yekha, adzaseka.

Chambo ndi yotuwa monyezimira, pamsana yoderako, kumimba yoyera. M'mbali muli mizere yakuda yotsika kuchokera kumsana kulowera kumimba, yosaoneka kwambiri, ngati yofufutika. Chizindikiro chachikulu ndi chipsepse cha pamsana: ndi chimodzi, chachitali, chimayambira kuseri kwa mutu mpaka pafupi ndi mchira, ndipo kutsogolo kwake kuli minga. Aliyense amene anapalapo chambo analasidwapo nacho. Mukachipanga bwino chimenecho, ngakhale zina zitalakwika, anthu adzati chambo. Mchira wake ndi wotambalala, si wa mphanda yakuya ngati wa usipa. Ndevu musaike, ndevu ndi za kampango ndi mlamba. Ndikunena chifukwa ndinaonapo chithunzi chojambulidwa pakhoma la sitolo ina chambo ili ndi ndevu, ndinachita kuima n'kumayang'ana.

Koma chomwe ndalembera kwenikweni ndi ichi. Mwana wanu ndi wamkazi, ndiye akhale chambo yaikazi, ndipo chambo yaikazi ili ndi khalidwe lomwe ana a m'tauni ambiri salidziwa chifukwa amaiona itakazingidwa kale. Nthawi yoswana, yaimuna imada thupi, imakonza chisa chozungulira pamchenga pansi pa madzi, ngati beseni. Yaikazi ikaikira mazira mmenemo imawatola n'kuwasunga m'kamwa. Amaswera momwemo, ndipo ngakhale tiana titayamba kusambira, tikaona choopsa timathawiranso m'kamwa mwa mayi wawo. Ndili mnyamata ndinkathandiza bambo kusankha nsomba pagombe. Tsiku lina ndinanyamula chambo m'khoka, itatsegula pakamwa tiana tinakhuthukira m'manja mwanga, tating'ono ngati njere za mpunga, tikuphiriphitha. Bambo anandilanda n'kuiponya m'madzi osanena kanthu, ulendo wonse wobwerera kunyumba sanandilankhule ngati ndalakwa ndine.

N'chifukwa chake boma limatseka usodzi wa makoka ena kuyambira mu Novembala, nthawi yomwe chambo ikuswana, chifukwa ukagwira mayi mmodzi wapha ndi ana omwe. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima anthu a kwa Makanjira anayamba kale kudzitsekera okha nyengo ya mvula, mwa lamulo la mfumu, ndipo mpaka lero amatero. Ndikuganiza kuti aphunzitsi a mwana wanu asankha sewero limeneli mwezi uno podziwa zimenezi.

Ndiye bwanji osamupangira kathumba pansi pa chibwano, m'kati mwa khosi la tisheti, momwe mungabise tiana ta nsomba todula pa katoni, tomangidwa pa ulusi umodzi? Asodzi akamukola, iye n'kukoka ulusiwo tiana n'kumatuluka motsatizana. Kambiranani ndi aphunzitsi kaye. Chitenje chanucho sichitayika, apatseni ana awiri agwire uku ndi uku azichigwedeza, akhale madzi.

Bambo a Chiko

Inu mukuvutikiranji chonchi? Sewero la mphindi khumi. Dulani katoni ikhale yaifupi, pakani penti, basi. Ana a Sitandade 2 sadziwa kusiyanitsa chambo ndi makumba, ife akuluakulu omwe timagulitsidwa makumba a m'damu pamsika n'kumati tagula chambo.

Madamu wopuma, Zomba

A bambo a Chiko, pa makumba mwanena zoona, koma pa mwana mwalakwitsa. Mwana amene wauzidwa kuti akuoneka ngati ndege sadzaiwala, ndipo akakwera pansanja ali ndi manyazi mawu satuluka. Ndaphunzitsa makalasi a ana aang'ono zaka zambiri, masewero otere ndakonzetsa osawerengeka, ndiye ndiyankhe funso la mutu lomwe palibe waligwira.

Nkhope ikhale poyera, mayi. Chaka china ndinalola kholo lina kumupangira mwana mutu wonse wa ng'ona wa katoni, wokongola zedi, mano ndi maso zonse zilipo, timabowo toonera tiwiri. Poyeserera m'kalasi zinkayenda. Tsiku lenilenilo mwana anatuluka thukuta, chigoba chinatsetsereka, timabowo tinapita pamasaya. Iye poopa kuononga sewero sananene, anangoyenda mwa chikhulupiriro mpaka anaponda pomwe nsanja yathera. Mwamwayi inali yaifupi, anangosupuka bondo. Kuyambira tsiku limenelo chilichonse chophimba kumaso ndinkachikana pakhomo pomwe. Ndipo jumbo kapena pulasitiki ina iliyonse isayandikire kumutu kwa mwana, ngakhale itanyezimira bwanji.

Pezani chipewa chija chokhala ndi mlomo kutsogolo, chakale chilichonse. Chikuteni ndi nsalu yotuwa. Mlomo wa chipewawo ndiye mlomo wa pamwamba wa nsomba, nkhope ya mwana ikhala ngati ili m'kamwa mwake, zomwe zikugwirizana bwino ndi nzeru ya achimwene a ku Nkhotakota aja. Maso aikeni m'mbali mwa chipewa, osati kutsogolo, nsomba si kadzidzi. Zivundikiro zoyera za mabotolo a mafuta odzola zimachita bwino, pakati mumatepo kansalu kakuda kozungulira. Boolani ndi msomali wotentha n'kusokerera, guluu amamatuka mwana akangoyamba kudumpha.

Kunena za guluu, ena adzakuuzani kuti muphike phala la ufa wa chinangwa muzimatira. Limagwira ndithu, ife tinkamatira nalo zithunzi m'kalasi. Koma ndinapangapo nalo mapiko a gulugufe, ndinawasiya pamwamba pa kabati kuti aume, m'mawa ndinapeza makoswe adya phiko limodzi lonse n'kusiya ndowe zawo pa linalo. Linali tsiku la sewero lomwelo. Ngati mugwiritsa ntchito phala, chovalacho chigone chopachika pa chingwe pakati pa chipinda.

Penti ya mafuta, ija ya zitseko, musayerekeze. Imatenga masiku kuti iume ndipo fungo lake m'holo yotentha limapweteketsa mutu. Ya madzi nayo pa saka sigwira, ikakumana ndi thukuta kapena mvula ya Disembala imayenderera. Mizere yakuda ya m'mbaliyo ingosokani timizere ta nsalu yakuda, kapena pa mizere ya mamba muzisakaniza ina ya nsalu yoderako. Mukafuna kunyezimira, m'kati mwa mapaketi a mkaka wa ufa mumawala ngati siliva. Tsukani, dulani mamba owerengeka, muwabalalitse apo ndi apo. Musadzaze thupi lonse, amatentha komanso amachita phokoso, mawu a mwana sangamveke.

Chomaliza, chomwe makolo onse amaiwala: chimbudzi. Ana amavekedwa m'mawa, sewero limayamba mochedwa chifukwa alendo olemekezeka sanafike, ndipo mwana wa mantha amafuna kukataya madzi kawiri katatu. Muyeseni kunyumba ngati angathe kukweza chovalacho yekha n'kunjuta mchira osakhudza pansi. M'kati avale kabudula wopepuka.

Make Tadala, Area 25

Ndabweranso, pepani ndinakhala chete, ndinali pa singano. Zikomo nonse, ndi a bambo a Chiko omwe, mwandiseketsa pa nkhani ya makumba chifukwa ndi ine ndemwe.

Tisheti yotuwa ndinaipeza ku kaunjika ku Nsungwi, ndinachita kufukula mulu wonse. Inali ndi chithunzi kutsogolo koma mamba aphimba. Atelala, nzeru ya mizere ija yandipulumutsa. Yakwana mizere isanu ndi inayi kutsogolo, kumbuyo chimodzimodzi, ndimasoka itatu kapena inayi usiku uliwonse, masiku awiri ndinasokera tochi ya foni nditailuma pakamwa. Pa kandulo ndinapsa chala chachikulu ngakhale munandichenjeza. Cholakwika chimodzi ndinachita: mzere woyamba ndinasoka ndisanalowetse pilo, mwana atayesa unathothoka ulusi pomwe tisheti imadutsa m'mapewa. Ndinasula n'kuyambiranso.

Chomwe chinandivuta kuposa zonse ndi chipsepse cha pamsana. Ndinadula katoni yaitali kuyambira pakhosi mpaka m'chiuno, ya mano ngati sowo, ndinaikuta ndi nsalu yakuda ya siketi yanga yakale. Nditasokerera imangogwera mbali imodzi ngati khutu la galu. Amene anandithandiza ndi agogo ake, mayi anga, omwe abwera kudzatiyendera kuchokera ku Dedza. Anayang'ana n'kunena kuti katoni ndaidula molakwika, timizere ta m'kati mwake tikuyenera kuimirira kuchoka pamsana kupita kunja, osati kugona motsata msana. Kenako anati ndipange makatoni awiri, m'munsi mwake ndipinde wina kumanja wina kumanzere ngati mapazi, mapaziwo ndiwo ndisokerere pa tisheti. Chinaima nji. Ndinachidulanso pawiri pakati kuti mwana akawerama chizipindika. Kutsamira pampando sangathe, koma kukhala akukhala, ndipo za kuchimbudzi tayesa, Madamu, akutha yekha bola mchira aupanire m'khwapa.

Za tiana ta nsomba ndinakawafotokozera aphunzitsi ake pokamutenga mwana. Poyamba anakayika, akuti sewero analemba kale. Nditawauza nkhani ya achimwene a ku Nkhotakota, ya tiana tokhuthukira m'manja, anakhala chete kenako anati asintha mathero. Tsopano asodzi akamukola ndi ukonde, iye azikoka ulusi, tiana tituluke, msodzi wamkulu aziuza anzake kuti amubwezere m'madzi. Ukonde wake akuluka ndi zingwe, aphunzitsi akana neti ya udzudzu yomwe kholo lina linabweretsa, akuti sakufuna ana aone ngati neti ndi yophera nsomba. Chitenje chabuluu chija chapita, akhala madzi monga munanenera.

Tiana tadula tonse khumi ndi tiwiri, Tadala wajambula yekha maso ndi bolopeni, kena wakapatsa nsidze. Dzulo madzulo anavala zonse, chipewa ndi maso ake a zivundikiro, n'kukaima pakhomo kudikira bambo ake. Atafika anaima, n'kufunsa kuti, "Chambo imeneyi mukugulitsa bwanji, mayi?" Mwana anakoka ulusi kuti awaonetse, koma tiana tinakolana m'kathumba, tinatuluka tonse pamodzi ngati mpira n'kugwera m'beseni la madzi otsukira mbale. Titatu tafewa, tidulanso.

Ndiye funso langa latsopano ndi limenelo. Sewero ndi Lachisanu. Ndizikulunga bwanji ulusiwo m'kathumba kuti tiana tizituluka kamodzikamodzi osakolana? Ndayesa kuwasanja ngati makadi, akukolanabe pa michira.

Atelala a ku Ndirande

Ulusi wosokera ndi wopyapyala kwambiri, umapotana. Tengani kansalu kakang'ono kaatali ngati riboni, m'lifupi ngati chala, musokerere tianato pamenepo mutu ndi mchira womwe, kuti tigone motsata riboniyo osalendewera. Popinda muzipinda uku ndi uku ngati mmene amapindira nsalu pa sitolo, osakulunga. Nsonga yoti agwire ituluke panja pang'ono, mumangepo mfundo yaikulu kuti aipeze osayang'ana.